Kona ya magalimoto: PS2, laputopu ndi TV ya amalume

Loweruka, 4 Okutobala

Ndayamba kulemba izi chifukwa mutu wangawu suchedwa kuiwala, dzulo ndinasintha masetingi atatu nthawi imodzi kenako osakumbukanso kuti yomwe yakonza chithunzi ndi iti. Nde kuyambira lero chilichonse ndikagwira ndizilemba.

Nkhani yake ndi iyi. Pa kashopu kanga ka magemu pano pa boma pa Kasungu ana amangobwerera mpira basi, mmawa mpira, akaweruka kusukulu mpira, mpaka ine mawu a komenteta ndimawamva ndi kutulo komwe. Koma pali makasitomala ena akuluakulu, anyamata awiri a kabaza ndi mkulu wina wogulitsa masipeya a njinga zamoto, akhala akundivutitsa kuti aise bwanji magemu a magalimoto aja tinkasewera kale. Ndiye ndaganiza zokonza kona imodzi ya magalimoto okhaokha. Funso ndi loti pakonapo ndiike chani, PS2 (PlayStation 2) yeniyeni kapena kompyuta ya emulator, pulogalamu yotsanzira PS2 kuti magemu ake aziyenda pa kompyuta, ndipo pa sikirini iti. Ndalama zoti ndigule chilichonse nkumayesa palibe, msika wa fodya unatsekedwa kale ndipo matumba a anthu ayamba kupepuka, nde ndione kaye ndi maso anga.

Zomwe ndili nazo: PS2 slim yakalekale, PS3 slim yomwe ana amamenyerapo mpira, plasma ya mainchesi 32 (kwenikweni ndi LCD, koma kuno timangoti plasma), ndi laputopu ya Core i5, RAM 8GB, yopanda khadi la graphics lapadera. Magemu ndasankha asanu. Gran Turismo 4 (GT4), Need for Speed Underground 2 ndi Burnout 3 za 2004, Need for Speed Most Wanted ya 2005 ija ya BMW M3 GTR ndi anthu 15 oti uwagonjetse a pa Blacklist, ndi Colin McRae Rally 2.0 ya PS1 ya chaka cha 2000.

Lolemba, 6 Okutobala

Ndinalumikiza PS2 ku plasma ndi chingwe chake chija cha yelo, choyera ndi chofiira. Amangwetu. Ndinachita kudzifunsa kuti kodi zomwe tinkajombera nazo kusukulu zija ndi izizi? Chithunzi chili ngati wina wapaka mafuta odzola pa galasi, zilembo za menyu zikunjenjemera mmbali, ukakhota pakona mizere ya mmbali mwa msewu ikumagawanika ngati mano a chipeso.

Chifukwa chake ndachimvetsa. Magemu ambiri a PS2 amatulutsa chithunzi chachingʼono, cha mma 640x448 kapena 512x448, ndipo amachitumiza mwatheka, ulendo uno mizere ya 1, 3, 5, ulendo winawo mizere ya 2, 4, 6, zomwe amati interlaced. TV zakale zinapangidwira zimenezo. Plasma imayenera kusoka matheka awiriwo kenako nkuchikoka chithunzicho kuti chidzaze sikirini, ndipo yangayi ndi telala wa ulesi. Kuwonjezera apo chingwe cha yelo chimathira mitundu yonse ndi kuwala mu waya mmodzi.

Mphwanga anati ingoikani diski mu PS3 achimwene, ili ndi HDMI. Ndinamusiya ayese kuti aone yekha. PS3 slim simawerenga madiski a PS2, zomwe zinkawerenga ndi zonenepa zoyambirira zija za 20GB ndi 60GB chifukwa mkati munali zida za PS2 zenizeni, kenako anazichotsa. PS4 ndi PS5 ndiye musatchule nkomwe. Koma madiski a PS1 PS3 iliyonse imalandira, nde Colin McRae inalowa. Pa HDMI yayera, mitundu yakhala bwino, koma mabokosimabokosi akuoneka onse. Pali setingi ya smoothing, ndinaiyatsa, yangosandutsa mabokosiwo phala.

Lachinayi, 9 Okutobala

Masiku awiri apita pa PCSX2, emulator ya PS2. Ndinadikira bando ya usiku kuti nditsitse, ndatenga ya 2.0 kupita mtsogolo chifukwa kuyambira pomwe inatuluka mu 2024 masetingi ambiri a gemu iliyonse imadziikira yokha, sizakale zija zoti uzisakasaka ma plugin. BIOS, pulogalamu ya mkati mwa PS2 yomwe emulator imafuna, ndinakopa mu PS2 yanga yomweyi kudzera pa memory card ya Free McBoot yomwe imalola PS2 kuyendetsa mapulogalamu apadera, madiski ndinawasandutsa mafayilo a ISO pa kompyuta ya mnzanga wojambula makadi a ukwati, yake ikadali ndi malo a DVD.

Gran Turismo 4 pa native, saizi ya chithunzi ya PS2 yeniyeni, ikuoneka ngati PS2 yosamba. Nditaika 2x, kuwirikiza saiziyo kawiri, yomwe ndi cha mma 720p, ndinakhala kaye chete. Ndinagula Vitz mu gemumo dala, chifukwa chosangalatsa cha GT4 nchoti pa magalimoto ake oposa 700 muli tomwe timatiwona tsiku ndi tsiku pa M1 apa, Vitz, Demio, Fit, March. Pa 2x Vitz ija ikuoneka mpaka mpata wa pakati pa chitseko ndi bodi, chizindikiro cha Toyota kumbuyo chikuwerengeka, mitengo ya ku Trial Mountain ikuoneka ikutsetsereka pa denga pake. Anthu a Polyphony, opanga gemuyi, anaikamo zinthu zomwe chingwe cha yelo chinatibisira zaka zonsezi.

Koma zina zomwe chinabisa zinali zoyenera kubisika. Anthu oonerera mmbali mwa msewu ndi makatoni odula, mitengo yambiri ndi zithunzi ziwiri zopingasa ngati mtanda, ukaima pafupi ukuona bwinobwino kuti ndi pepala. Galimoto yakuthwa ngati ya lero koma udzu womwe yaimapo ndi wa 2004, ziwirizi sizikugwirizana, zili ngati munthu wavala suti yatsopano ndi mapatapata.

Vuto lina ndi laputopu. Ndikakhala ndekha pa msewu ikukwanitsa, koma poyambira mpikisano magalimoto onse 6 ali pamodzi liwiro likutsika, mawu a injini akumakokeka ngati wailesi yatha mabatire. Fani ikulira, ndipo kutentha kwa Okutobala uno sikukuthandiza, ndaikhazika pa njerwa ziwiri kuti pansi pazipita mphepo. Ndasintha njira yojambulira chithunzi kuchoka pa OpenGL kupita pa Vulkan, zasinthako pangʼono.

Lachisanu, 10 Okutobala

Magetsi anathima 9 koloko mmawa, abwera ndikutseka. Palibe chachitika. Ndangopukuta mapadi.

Lamulungu, 12 Okutobala

Ndatulukira chinthu chomwe chasokoneza zonse ndinayerekeza sabata ino. Madiski angawa si amtundu umodzi. GT4 yanga ndi ya PAL, ya ku Ulaya, yomwenso ndi njira ya TV zathu kuno, mizere 576 pa 50Hz. Most Wanted ndi ya NTSC, ya ku America, mizere 480 pa 60Hz. Nde pomwe ndimati gemu iyi ikuyenda mofewa kuposa iyo mwina ndimayerekeza dera osati makina.

Chowawa nchoti GT4 ya NTSC ili ndi 480p komanso 1080i mmasetingi ake, ya PAL anazichotsa. 1080i yakeyo si yeniyeni, ndi chithunzi chachingʼono chokokedwa, komabe 480p, yotumiza mizere yonse nthawi imodzi, ndi yomwe imachotsa mano a chipeso aja, ndipo imafuna chingwe cha component cha girini, buluu ndi chofiira, cha yelo sichingaitulutse. Mkulu wa masipeya uja akuti ali ndi diski ya NTSC kwawo mu katoni, abweretsa. Wanena zimenezi katatu tsopano.

Lamulo latsopano: gemu imodzi, diski imodzi, msewu umodzi, galimoto imodzi, kenako kusintha sikirini yokha.

Lachitatu, 15 Okutobala

Lero holide ya amayi, nde ndinatseka shopu nkukwera Sienta wa ku Mtunthama kukawaona amayi, ndinawatengera chitenje ndi shuga. Koma ndisaname, ulendowu unali ndi mbali ziwiri. Amalume ali ndi TV ija ya chinkhongo ya mainchesi 21 yomwe tinkaonerapo mpira tonse mudzi wonse, inaikidwa kuchipinda chosungira chimanga atagula plasma.

Ndinawapeza pakhonde akusoka thumba. Nditafotokoza anandiyangʼana nthawi yaitali.

"Iwe, anzako akupita kutsogolo iwe ukubwerera mmbuyo? Ya chiyani imeneyo?"

"Ndikufuna ndiyesere magemu amalume, ndibweza."

"Ukabweza uisunge kuti? Tenga, koma usadzabwere kuno kudzandiuza kuti yakuphulikira."

Titaitulutsa munatuluka mphemvu ndi kangaude, pamwamba pali chizindikiro chozungulira pomwe pankakhala duwa la pulasitiki la azakhali. Kulemera kwake anthuni, tinanyamula awiri ndi mwana wa amalume mpaka pa msewu, ndipo dalaivala anati imeneyo ilipira mpando wake. Ndinalipira. Njira yonse ndinaikumbatira ngati mwana wodwala, mayi wina pambali panga anandifunsa ngati ndikupita nayo kwa okonza, ndinangoti eya, kufotokoza zoona kukanatalika.

Lachinayi, 16 Okutobala

Ndinaipukuta, ndinaisiya padzuwa pangʼono kuti tizilombo tituluke, kenako nkuyatsa ndili chapatali. Inalira kuti thuu, kenako kamluzu kaja kapamwamba komwe ana akumva koma mkulu wa masipeya akuti sakumva kalikonse. Ukayandikitsa dzanja pa galasi ubweya ukuima. Yayaka.

PS2 yomweyo, chingwe cha yelo chomwecho chomwe ndinachitukwana pa 6 paja. Ndinaika Underground 2.

Apa nde ndinasowa chonena. Gemu ija yonse imachitika usiku mu mzinda wa Bayview, msewu wonyowa, magetsi a neon pansi pa galimoto. Pa plasma yanga usikuwo umaoneka wotuwa ngati phulusa chifukwa kuseri kwa sikirini kumakhala nyali yoyaka nthawi zonse. Pa TV ya amalume chakuda ndi chakuda, ndipo nyali za mumsewu zikuwala zenizeni, zikumwazikira pa tara wonyowayo. Mano a chipeso palibe. Timadontho tomwe ndimationa mu utsi wa matayala pa emulator, tokhala ngati sefa ya ufa, apa tasungunuka nkukhala utsi. Opanga magemu aja ankaika timadonthoto dala podziwa kuti TV ndi chingwe zitisakaniza zokha, ankajambula akuyangʼana TV ngati iyi, osati sikirini ya lero.

Kenako Colin McRae, pa PS2 pomwepo poti nayo imawerenga madiski a PS1. Ndinasankha Kenya ndi Ford Focus. McRae mwini wake, dalaivala wa mipikisano yemwe gemuyi inatengera dzina, anapambana Safari Rally ya ku Kenya katatu, 1997, 1999 ndi 2002, nde msewu umenewu unali wake. Dothi lofiira, tchire louma, fumbi likutsalira kumbuyo, Nicky Grist, wokhala pambali pa dalaivala, akuwerenga makona. Mmodzi wa akabaza aja analowa nthawi yomweyo, anaima kumbuyo kwanga nkunena kuti "akulu, uwu si msewu wopita ku Lifupa uwu?" Ndipo zoona, mwezi uno ukalowera ku park fumbi lake ndi lomweli. Pa PS3 ndi plasma munthu yemweyu anaiona gemu yomweyi sabata yatha ndipo anangoti zachikale izi. Lero wakhala pansi maola awiri osapita kukanyamula anthu.

China chomwe sindimayembekezera ndi mmanja. Pa TV yakaleyi ukangokhudza padi galimoto yakhota kale. Pa plasma pali kakuchedwa kakangʼono, chifukwa imayamba yakonza chithunzi isanachionetse, ndipo sumakazindikira mpaka utalawa kopanda. Mu Burnout 3, yomwe imathamanga mafulemu 60 pa sekondi ndipo umazemba magalimoto obwera kutsogolo, kakuchedwako ndi kusiyana kwa kudutsa ndi kuwombana ndi basi. Ndinafufuza mmenyu a plasma nkupeza Game Mode, zaka zitatu ndili nayo osadziwa, ana ampira aja akhala akusewera mochedwa nthawi yonseyi kkkk. Ndaiyatsa, zachepa, koma sizinafike pa ya amalume.

Zoipa zake zilipo. Zilembo zingʼonozingʼono za mu GT4, za magiya ndi masipuringʼi zija, ukuchita kutsinzina diso limodzi. Kona ya kumanja kumwamba kuli kachigamba kobiriwira, mwina inakhala pafupi ndi sipika. Ndipo GT4 ya 50Hz ikuphethira, ukayangʼana chammbali umaona sikirini ikugwedera, patatha ola mutu unayamba kundiwawa.

Loweruka, 18 Okutobala

DuckStation pa laputopu, emulator ya magemu a PS1. Iyi nde laputopu ikuinyamula mosavuta ngakhale nditakweza kasanu. PS1 inali ndi matenda ake obadwa nawo, sinkatha kuika makona a zinthu pakati pa madontho, imangowalumphitsa, komanso zithunzi zomata pa makoma ndi pa msewu zimapindika ukaziyandikira. Ndi chifukwa chake msewu umaoneka ngati ukuwira. DuckStation ili ndi PGXP yomwe imachiza zimenezi, nditaiyatsa msewu wa Kenya unaima nji, Focus ija yawongoka, zolemba za pa chitseko zikuwerengeka.

Ndipo sindinaikonde. Ndayesa kudzikakamiza koma ayi. Zonse zayera mopitirira, fumbi lasanduka timapepala tabulauni touluka motsatizana, tchire ndi mpanda wa zithunzi, ukuona mpaka pomwe dziko la gemu lathera. Ndinabweza pa native nkuika shader yotsanzira TV yakale, ya timizere takuda tija, yayandikirako ndithu koma chithunzi chada, ndipo masana ndi chitseko chotsegula sukuona kanthu.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Mnzanga wa makadi a ukwati wandibwereka desktop yake masiku awiri, ili ndi khadi la graphics la GTX 1050 Ti. Apa GT4 ikuyenda 3x osatsika ngakhale poyambira. Ndinathamanga msewu wonse wautali wa ku Nürburgring ku Germany, makilomita 20.8, kungofuna kuona ngati ingatsamwe penapake, ayi ndithu, amene anatsamwa ndine, ndinagunda mpanda kasanu ndi kawiri. Koma plasma yangayi ndi ya 1366x768, nde 3x yomwe ndi ya 1080p siikuoneka yonse, phindu lake ndi loti mmbali mwa magalimoto mwasalala, mawaya a magetsi ndi mipanda yakutali zasiya kuthwanima. Pakati pa 2x ndi 3x pa sikirini iyi kusiyana kulipo koma si koti munthu nkugulira khadi.

Most Wanted ndi nkhani ina. Gemu ija ili ndi utoto wake wachikasu ngati dzuwa la 4 koloko nthawi yotentha tchire, ndi kuwala kofalikira dala. Ukakweza resolution magalimoto amakuthwa koma kuwalako kumatsalira pa saizi yake yakale, nde nthawi zina ukuona ngati kamzukwa kowala pambali pa mtengo kapena pa nyumba. Pali setingi ya half pixel offset yomwe imakankhira zimenezi mmalo mwake, ndaseweretsa mpaka zakhalako bwino. Komabe ya PS2 imayenda cha mma 30 pa sekondi, emulator siisintha zimenezo payokha, nde ukachoka pa Burnout kubwera apa umamva ngati wakwera ngolo. Kunena zoona Most Wanted yabwino ndi ya PC kapena ya Xbox 360, kuivutikira ya PS2 pa emulator ndi kutaya nthawi, ndaichotsa pa mndandanda wa zoyesa.

Burnout 3 pa 3x nde ndi ina yake. Kale inkadziwika ndi vuto la thambo lakuda pa PCSX2, pano kumwamba kuli buluu bwinobwino. Magalasi akamasweka ukuona kachidutswa kalikonse, ndipo chachikulu nchoti galimoto yobwera kutsogolo ukuiona ikadali kutali, pomwe pa PS2 imakhala kadontho mpaka itakufika. Apa kuyera kwa chithunzi kukuthandiza kusewera kwenikweni.

Lachitatu, 22 Okutobala

Ndisanabweze desktop ndinaika zonse pambalimbali, TV ya amalume ndi PS2 kumanzere, plasma ndi emulator kumanja, nkuwauza anthu asewere ulere mphindi khumi uku mphindi khumi uko. Anabwera 9, ana asukulu 5 ndi akuluakulu 4. Si kafukufuku ayi, ndi anthu a pa shopu panga basi.

Ana onse anathamangira ku plasma, TV ya amalume ankaiseka, wina anafunsa kuti kumbuyoko mumasungamo chani. Koma pa Colin McRae awiri anasamukira kumanzere okha osauzidwa, ati uku galimoto ikumvera. Akuluakulu atatu anakakamira kumanzere pa chilichonse, ndipo ndikuwakayikira, akuona ubwana wawo osati chithunzi, ngakhale ine matenda amenewo ndili nawo. Mkulu wa masipeya yekha ndi amene anati GT4 aisewerera pa plasma basi chifukwa akufuna aziona marimu. Diski ya NTSC ija sanabweretsebe.

Mmene ndaonera ine: GT4 ndi Burnout 3 emulator yapambana, magalimoto ake anapangidwa ndi zambiri kuposa zomwe PS2 inkatha kuonetsa pa chingwe chathu chija. Underground 2 ndi Colin McRae ndi za TV yakale, zimadalira mdima, utsi ndi fumbi, ndipo zinthu zimenezo ukazinola zimafa.

Loweruka, 25 Okutobala

Kadaputala ka PS2 kupita ku HDMI komwe ndinaitanitsa ku Lilongwe kafika. Poyamba sikirini inangoda, ndinayesa kabwera kakufa, kenako ndinakumbuka kuti mmasetingi a PS2 uyenera kusintha kuchoka pa RGB kupita pa Y Cb/Pb Cr/Pr, nde ndinabwerera ku chingwe cha yelo, kusintha, nkulumikizanso. Kayaka. Zilembo zayera kuposa pa yelo, mitundu yasiya kulowererana, koma pamalo akuda pakuyenda timizere topingasa ndipo mu sipika muli kaphokoso ka zzzz. Mano a chipeso akadalipo poti kadaputalako sikakweza kanthu, kamangopatsira plasma ntchito yomweija. Ndakaika mu kabati.

Ndinayesanso kuika magemu pa fulashi kudzera pa OPL, pulogalamu yoyendetsa magemu popanda diski, kuti madiski asakalike ndi manja a anthu. Mipikisano ikuyenda, koma mavidiyo oyambira akudukaduka chifukwa USB ya PS2 ndi 1.1, yochedwa. Ndizolowera, palibe amabwera kudzaonera vidiyo.

Nde kona ikhala chonchi. TV ya amalume ndi PS2 zikhala pakona ya kuseri komwe dzuwa silifika, kalipentala abwera Lolemba kudzayeza tebulo, ndamuuza kuti likhale la matabwa enieni chifukwa lapulasitiki lija linayamba kupinda miyendo. Laputopu ndiziilumikiza ku plasma madzulo ana ampira akapita, GT4 pa 2x, ndipo ndapeza kuti ndikatsitsa setingi ya blending accuracy pa minimum poyambira paja sipakukokanso kwambiri, kungoti mithunzi ina ikuoneka yachilendo. Khadi la graphics lidikire fodya wa chaka chamawa.

Zotsala: kupeza wina wodziwa kuchotsa kachigamba kobiriwira kaja, kuyeza kuti TV yakaleyi ikudya mayunitsi angati pa tsiku chifukwa mita yayamba kuthamanga, kugula padi ina poti R2 ya imodzi yalowa mkati siikubwerera, ndi kupita ndekha kunyumba kwa mkulu wa masipeya kukatenga diski ija. Amalume anaimba mmawa kufunsa ngati yaphulika. Ndawauza kuti ili bwino, ati ndiye Khirisimasi ndibwere nayo PS2 yo adzaone za Kenya zo.